Sikolashipu ya mpira imayambira mu Fomu 1

Makolo anzanga, ndi inu ana anga amene mwangolowa kumene m'banja, lero tikambirane za mpira. Ena mudabwa kuti nesi wopuma ntchito ngati ine za mpira ndazidziwira kuti. Musadabwe. Nkhaniyi yalowa m'makomo mwathu, ndipo m'mabanja ena bambo ndi mayi akugona mofulatirana chifukwa cha iyo. Bambo akuti mwana ali ndi mwendo, msiyeni azisewera adzatichotsa pa umphawi. Mayi akuti ayi, abwerere ku makope. Mwana ali pakati, maso ali mwazumwazu.

Kuno ku Kasungu, kuyambira paboma mpaka ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, mwana aliyense wodziwa kukankha chikopa akulota zakunja. Sindikuwanena. Adaona chigoli chimene Gabadinho Mhango adamwetsa Morocco mu Januwale 2022. Adamva kuti Temwa Chawinga adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ku America mu 2024, ku timu ya Kansas City Current, mpaka kusankhidwa kukhala katswiri woposa onse chaka chimenecho, ndipo mkulu wake Tabitha adasaina ku Lyon, dziko la France, chaka chomwecho. Amamvanso kuti ku Lilongwe kuli Ascent Soccer, malo ophunzitsa ana mpira pamodzi ndi sukulu, komwe anyamata ndi atsikana ena adachokera nkukaphunzira ku America. Ndiye mawu akuti "sikolashipu ya mpira" afika mpaka m'zigafa.

Sikolashipu imeneyi iliko ndithu, si nthano. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sakuuzani. Pa koleji iliyonse ya ku America pali anthu a mitundu iwiri amene ayenera kumuvomera mwana wanu. Woyamba ndi kochi wa timu. Iyeyu amaona miyendo, liwiro ndi mpweya. Achiwiri ndi a muofesi yolemba ophunzira, ndipo awa sapita ku bwalo nkomwe, amangoona mapepala. Kochi akhoza kumufunitsitsa mwana wanu, kumuimbira foni usiku ndi usana, koma ngati a muofesi aja apukusa mutu, kochiyo amangopepesa nkukafuna mwana wina.

Kuwonjezera pa awiriwa palinso bungwe lotchedwa NCAA, lomwe limayang'anira masewero m'makoleji ambiri akuluakulu a kumeneko. Bungweli lidagawa makoleji m'magulu atatu. Kuti mwana aloledwe kusewera m'gulu loyamba, Division I, chaka chake choyamba, ayenera kuonetsa kuti kusekondale adamaliza maphunziro 16 ofunikira: zaka zinayi za Chingerezi, zaka zitatu za masamu, zaka ziwiri za sayansi, ziwiri za maphunziro onga mbiri yakale ndi jogalafe, ndi ena owonjezera. Magiredi a maphunziro amenewa amawaphatikiza nkupeza nambala imene amaitcha GPA. Yapamwamba ndi 4.0. Ku Division I amafuna 2.3 kupita mmwamba, ku Division II amafuna 2.2. Mu Januwale 2023 bungweli lidasiya kukakamiza mayeso aja a SAT, koma musasangalale msanga, chifukwa koleji iliyonse ili ndi ufulu woika malamulo akeake pamwamba pa amenewa, ndipo ena monga Dartmouth adalengeza mu 2024 kuti ayambiranso kufuna mayesowo. Palinso mayeso a Chingerezi, TOEFL kapena IELTS, amene makoleji ambiri amafuna kwa mwana wochokera kunja.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kwa mwana wakunja, bungweli limaitanitsa malipoti a sukulu kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi cha maphunziro ake. Werengani nokha: pulayimale yathu ndi zaka 8. Chaka cha 9 ndi Fomu 1. Ife tidazolowera kuti mwana akhoza kuseweretsa Fomu 1 ndi Fomu 3, bola adzadzuke mu Fomu 4 nkukhoza MSCE. Anthu awa safuna satifiketi yokha, amafunanso kuona mmene mwana ankayendera chaka ndi chaka. Kam'nyamata kaja kakungoyamba kumene kuvala thalauzi lalitali, inu mukuti kakadali kamwana, mbiri imene adzaiwerenge azungu aja yayamba kale kulembedwa. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Nanga kwathu kuno teremu yachiwiri imagwa liti? Januwale mpaka Epulo, nthawi yeniyeni yothyola ndi kusoka fodya. Teremu yachitatu imakumana ndi kusankha, kudinda mabelo ndi kuthamangira ku okushoni ku Chinkhoma. Ndani wa ife sadziwa kuti nthawi imeneyi m'makalasi mumakhala mipata? Mwana akujomba Lolemba ndi Lachiwiri chifukwa masamba apsa m'munda, Lachisanu akujomba chifukwa timu ya pa tiledingi senta yamubwereka kukasewera bonanza. Ndikadali pantchito ndinkawalandira ana otere, akusanza, mutu ukuwaza, chizungulire, chifukwa chogwira fodya wonyowa ndi mame. Chikonga cha m'masamba chimalowa pakhungu. Mwana woteroyo mawa lake sangamve masamu.

Ndikuuzeni za mdzukulu wa achimwene anga. Mnyamata ameneyu mpira amautha, si zonamizira. Mphunzitsi wina wochokera kunja amene adakhalapo pasukulu pawo adamujambula akusewera nkutumiza kanemayo kwa mnzake, kochi wa koleji ina yaing'ono ku America. Kochiyo adasangalala, adalemba kalata yabwino zedi, ndipo pakhomo pa achimwene padaphedwa nkhuku. Palibe amene adapempha ndalama, zonse zidali zoona. Kenaka kudabwera mndandanda wa mapepala ofunika. Poti m'banja mwathu wowerenga zikalata zachizungu amati ndine, adabwera nazo kwa ine, ndipo tidakhala pakhonde masiku atatu ndi mwana wanga wamkazi amene ndi mphunzitsi, kuwerenga chimodzichimodzi. Mmenemo ndi mmene ndidaphunzirira zonse ndikukuuzanizi.

Malipoti a Fomu 1 adali atasowa, ena akuti adakulungira usipa. Titakapempha ena kusukulu, tidapeza kuti teremu yachiwiri ya Fomu 2 ndi ya Fomu 3 mnyamatayo sadalembe mayeso ena, ndipo pa masamu padangolembedwa kamzere. Pa MSCE Chingerezi adapeza 7, masamu 8. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Kochi uja adayesetsa, adatilembera kawiri, koma kachitatu adanena mosabisa kuti a muofesi akana ndipo iye alibe mphamvu pa iwo. Tsiku limenelo achimwene anga, munthu wa zaka 70, adakhala pansi pa mtengo wa mango osayankhula mpaka dzuwa kulowa. Iwo ndi amene ankamudzutsa mnyamatayo mbandakucha kupita kumunda. Sadachite mwankhanza, adalibe ndalama ya aganyu. Mnyamatayo adalowanso sukulu yamadzulo kubwereza Fomu 4, ndipo Chingerezi adachikweza kufika pa 5. Koma pofika nthawi imeneyo kochi uja adali atasamukira kwina, ndipo amene adalowa m'malo mwake sadayankhe kalata.

Mwina wina afunsa kuti, kodi si paja timamva kuti osewera mpira amawafewetsera? Zoona zake nzakuti m'makoleji ambiri mwana amene kochi wamusankha amakhala ndi mwayi woposa mnzake wa magiredi ofanana naye, ndipo nthawi zina amalowa ndi magiredi otsikirapo pang'ono. Koma kutsitsako kuli ndi malire, ndipo koleji ikakhala yotchuka pa maphunziro malirewo amakhala pamwamba. Mwayi umenewu ndi waukulu moti anthu olemera adafika pougula. Mu 2019 kudaphulika nkhani ku America yoti makolo ena ankapereka ziphuphu kuti ana awo alembedwe ngati osewera. Kochi wa timu ya mpira ya atsikana pa yunivesite ya Yale, Rudy Meredith, adavomera mlandu kukhoti. Adalandira madola 400,000 kuti alembe mtsikana wina ngati wosewera wake, chonsecho mtsikanayo sadali wosewera mpira wampikisano. Chichitikireni zimenezo, makoleji ambiri amafufuza kwambiri dzina lililonse limene kochi wabweretsa.

Ine maganizo anga pa kufewetsaku ndi awa. Pang'ono ndikuvomera, chifukwa mwana amene amathamanga maola awiri tsiku lililonse nkukhozabe m'kalasi waonetsa khama limene mnzake wongokhala pa desiki sadaonetse. Koma kutsitsa kwambiri ndi kumupha mwanayo. Ine ndili mtsikana ndinkasewera ntchemberembaye, ndipo ndinkaponya bwino ndithu, funsani a msinkhu wanga. Koma ku sukulu ya unamwino sadandifunse za zigoli, adafuna Chingerezi, masamu ndi sayansi. Nditayamba ntchito ndidamvetsa chifukwa chake. Mwana wa makilogalamu 8 akudwala malungo, uyenera kuwerengera mankhwala molingana ndi sikelo yake, usiku, nyali ikuzima, dokotala palibe. Ukalakwitsa kadontho kamodzi pa nambala, mawa kuli maliro. Munthu wolowetsedwa m'kalasi imene sangaikwanitse amavutika tsiku lililonse, amachita manyazi kufunsa, mapeto ake amayamba kubera kapena kuthawa.

Ndipo kumeneko kulowa si kumaliza. Ku Division I wosewera ayenera kukhala wophunzira weniweni, wolowa m'kalasi mokwanira. Poyamba chaka chachitatu akhale atamaliza magawo 40 pa 100 alionse a digiri yake, poyamba chachinayi magawo 60. Akatsalira, amamuimitsa kusewera. Tsono taganizani mwana amene Chingerezi chake nchongodutsira, ali m'dziko lozizira, aphunzitsi akuyankhula mothamanga ngati wailesi, mawa kuli ulendo wa basi wokasewera kutali, mkuja kuli mayeso. Masikolashipu ambiri amawaonanso chaka ndi chaka.

Za ndalamazo ndingodutsamo mwachangu. Si sikolashipu iliyonse imene imalipira zonse. Kwa zaka zambiri mpaka 2025, timu ya mpira ya anyamata ku Division I inkaloledwa masikolashipu osakwana 10 athunthu, oti agawane anyamata oposa 20, choncho ambiri ankalandira theka kapena kachigawo chabe. Makoleji a Division III sapereka sikolashipu ya masewero, chimodzimodzi gulu lija la mayunivesite otchuka lotchedwa Ivy League, komwe kuli Yale, Harvard ndi Dartmouth. Kumeneko thandizo limabwera poona umphawi wa banja, mwana atalowa kale ndi mutu wake. Aliponso makoleji a zaka ziwiri amene malamulo awo olowera ndi ofewerapo, ndipo ana ambiri akunja amayambira kumeneko. Pamwamba pa zonsezi pali tikiti ya ndege, pasipoti ndi viza, ndipo mu 2025 boma la America lidakhwimitsa malamulo a viza kwa Amalawi. Musanagulitse ng'ombe, kafunseni ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe mmene zinthu zilili. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nanga kuno kwathu? Kuno ndiye kulibiretu khomo la mpira. Kuti mwana apikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma, kaya ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda kapena ku Thyolo, ayenera kukhala ndi makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili pomwepo, ndipo a bungwe la NCHE amasankha poona mapointi. Pa fomu yawo palibe malo olembapo kuti mwanayu amamenya ndi miyendo yonse. Ena amati basi akalowa usilikali, azikasewera ku Kamuzu Barracks, Moyale kapena Mafco, kapena ku Blue Eagles ya apolisi. Ndi nzeru yabwino, chifukwa kumeneko mpira ukatha ntchito imatsala. Koma kusewera mu timu ndi kwina, kulembedwa ntchito ndi kwina. Akamalengeza zolemba asilikali kapena apolisi, satifiketi ya MSCE imakhala pa mndandanda wa zofunika.

Tsopano nkhani ya zaka, imene ikundiwawa kwambiri monga nesi. Ine ndalemba makadi a sikelo osawerengeka. Tsiku lobadwa limene tinkalemba pa kadi lija ndiye loona. Koma mwana akafika zaka 17, kumabwera munthu nkumuuza kuti dula zaka zitatu kuti ulowe timu ya ana. Makolo nkuvomera, poti aliyense akutero. Mapeto ake kadi ya sikelo ikunena zina, kaundula wa ku MANEB akunena zina, chiphaso cha unzika zina, pasipoti zina. Pena ngakhale dzina limasintha, mwana adalemba mayeso a Sitandade 8 ndi dzina la msuweni wake. Anthu a muofesi aja amaika mapepala onse pa tebulo limodzi. Akaona kuti munthu mmodzi adabadwa kawiri, safunsa zambiri, amangotseka fayilo. Ndipo thupi silinama. Kuyambira 2009 bungwe la FIFA limajambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa anyamata osapitirira zaka 17, kuona ngati mafupawo adamaliza kukula. Anyamata ambiri a mu Africa muno abwezedwa pa chifukwa chimenechi, atasoketsa kale suti yapaulendo.

Chenjeraninso ndi kusainitsa mwana msanga. Malamulo a NCAA amafunsa ngati mwana adasainapo kontirakiti ya mpira wolipidwa, ngati adalandirapo ndalama zoposa zoyendera ndi chakudya, ndiponso kuti wakhala zaka zingati akusewera chimalizireni sekondale. Mayankho a mafunso amenewa akhoza kumuchepetsera zaka zosewera kapena kumutsekera njira. Kapepala kamene bambo asainira kuseri kwa golosale, atapatsidwa ya sopo, kakhoza kudzaluma patapita zaka zitatu.

Achinyengo nawo sagona. Amadziwa kuti kuno ndalama imaoneka fodya akagulitsidwa, ndiye amatulukira miyezi yomweyo, atavala jekete ya timu yakunja, foni yodzadza ndi zithunzi. Ena amangolemba pa WhatsApp. Njira yowadziwira ndi yapafupi. Munthu woona amayamba ndi kufunsa malipoti a sukulu, ndipo amakuuzani dzina la koleji ndi la kochi kuti mufufuze nokha. Wakuba amayamba ndi ndalama ya fomu, mawa ya malo, mkuja ya viza, ndipo mukamufunsa za magiredi amati zimenezo musade nazo nkhawa, tikonza. Mukangomva mawu akuti tikonza, bwezani ndalama m'thumba. Pitani naye kwa ahedi a sukulu ya mwana wanu, kapena funsani akuluakulu a mpira a m'boma lino ngati akumudziwa. Safunsa adadya phula.

Pali mwana wa kwathu konkuno amene nkhani yake imandithandiza ndikamakambirana ndi achinyamata. William Kamkwamba wa ku Wimbe adasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, nkupanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Pofika 2007 dziko lonse lapansi lidali litamumva. Komatu ngakhale adatchuka chotero, palibe yunivesite imene idangomunyamula kuchokera pa mudzi. Adayamba wabwerera m'kalasi ku Lilongwe, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake ndi pamene adalowa ku Dartmouth, komwe adamaliza mu 2014. Luso lidachititsa kuti anthu amuone, koma zaka zimene adataya adayenera kuzibweza kaye pa desiki.

Sindikunena kuti mumulande mwana mpira. Mpira ndi wabwino, umalimbitsa thupi, umamuchotsa mwana ku kachasu ndi chamba, ndipo kwa atsikana athu wasanduka njira yeniyeni, taonani ma Scorchers adatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Koma ine ndagwirapo ntchito m'chipinda cha ovulala. Ndaona anyamata akubwera pa ngolo Lamulungu madzulo, fupa la mwendo litathyoka pa bwalo la zikuluzikulu. Mtsempha wa m'bondo ukaduka pamafunika opaleshoni ndi miyezi 9 kapena chaka chathunthu osasewera, ndipo kwa atsikana vutoli limachitika kawirikawiri kuposa anyamata. Opaleshoni yotere si yopezeka pa chipatala chilichonse. Ndikamamanga bandeji ndinkakonda kufunsa kuti, "Iwe, sukulu udalekezera pati?" Amene ankayankha kuti Fomu 2 ankayang'ana kumbali.

Tsono inu bambo ndi inu mayi, m'malo mokangana, khalani pansi usiku ana atagona, mugawane ntchito. Bambo, poti ndinu okonda mpira, inu ndi amene mukakumane ndi kochi wa timu yakwanuko nkumuuza kuti mwana wanu sasewera tsiku la sukulu, ndipo sabata ya mayeso asamuitane. Mukamapanga bajeti ya fodya wa chaka chino, pamodzi ndi feteleza ndi mapepala a chigafa, ikanimo ndalama ya waganyu mmodzi wa Febuluwale ndi Malichi, kuti mwana azithandiza Loweruka lokha. Ndikudziwa kuti ndi ndalama, ndipo mitengo ya ku okushoni siidziwika. Koma werengerani masiku amene mwanayo amajomba m'miyezi iwiri imeneyi, muone ngati phindu lake likufanana.

Mayi, inu sungani mapepala. Teremu ikatha pitani nokha kusukulu mukatenge lipoti, muone ngati phunziro lililonse lili ndi giredi, sitampa ya sukulu ndi siginecha ya ahedi. Pakakhala kamzere, funsani pomwepo aphunzitsi akadakumbukira, osadikira zaka zinayi. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zimene akulembetsa ku MANEB ndi zomwe zili pa kadi ya sikelo ndi pa chiphaso chobadwira, chilembo ndi chilembo. Ndipo Chingerezi chisamangothera m'kalasi. Mwana amene amatha kutchula osewera onse a Arsenal ndi Manchester United akhoza kuwerenganso tsamba la masewero la nyuzi ya Chingerezi mokweza, inu mukusenda mbatata, kenaka nkukufotokozerani m'Chichewa zimene wawerenga. Malipotiwo muwaike mu pulasitiki, pamodzi ndi kadi ya sikelo ija, pansi pa sutikesi pomwe mumasunga mtchatho wa ukwati wanu, kutali ndi chiswe ndi ana ofuna pepala loyatsira mbaula.